Tsiku Limene Foni ya Bambo Inada ndi Dzuwa

Ndili m'chaka chachitatu ku sukulu yaukachenjede kunja kwa dziko lino, ndinabwera kudzaona makolo. Ndinadzera ku Chipata, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bambo anakwera minibasi kuchokera kwathu ku Chiosya kudzandichingamira pa boda ya Mchinji.

Tinasowana maola awiri. Ndinazungulira pakati pa malole ndi chikwama cholemera, ndikuimba foni yawo, osayankhidwa. Nditawapeza atakhala pamthunzi wa lole ina, ndinali nditapsa kale mtima.

"Nanga foni ndinakutumizirani ija ndi yantchito yanji?" ndinafunsa, moni ndisanapereke.

"Imalira, mwana wanga," anatero. "Koma taona." Galasi la foniyo linali litada bii. Anali ataiika pamwamba pa mgolo, padzuwa, poti pamenepo ndi pomwe netiweki imagwira. "Ndimaopa kudina posaona, ndingaiwononge."

Tili m'minibasi, mphepo ikulowa pazenera, anaitulutsanso m'thumba. Zilembo zinali zitayamba kubwerera, kuyambira m'mbali. Bambo anaseka ngati mwana, n'kuonetsa mayi wina amene anakhala nawo pafupi.

"Yatsitsimuka! Kodi si zimenezi ukuphunzira iwe? Tandiuza, chimachitika n'chiyani m'katimu?"

Sanalakwitse. Ntchito yanga inali yofufuza zinthu zapachibale ndi zimene zili m'galasi la foni. Zimayenda ngati madzi, koma tizidutswa take timafola mwadongosolo ngati ta chinthu cholimba. Mu zimene ndinkafufuza ine, timakhala m'mizere yosanjikizana, mzere wina kupendekera uku, wotsatira kupendekera uko. Ndinkazitenthetsa pang'onopang'ono n'kumayeza. Kutentha kukakwera, kupendekera kosinthanako kumatha. Kukapitirira, mizere yonse imabalalika. Zikazizira, timafolanso.

Zonsezi ndikanatha kuwauza tisanafike n'komwe pa boma. Koma ndinali wotopa, ndipo kunena zoona, ndinkadzimva.

"N'zovuta zimenezo, bambo. Simungazimve."

Wina kumbuyo anaseka. Bambo anangoti, "Chabwino," n'kubwezera foni m'thumba la malaya.

Bambo sukulu analekezera sitandade folo, chifukwa agogo ankafuna wowathandiza kumunda. Komabe mawailesi a m'mudzi mwathu ankakonza ndi iwo, ndipo fodya akamugwira m'manja ankadziwa ngati wauma bwino. Chinthu sankachisiya asanachimvetse.

Ndinakhala pakhomo milungu iwiri, ndipo sanandifunsenso. Tsiku lina masana ndinawaona atatenga wotchi yawo yakale ya manambala. Ankaiika pa lata, ikada n'kuichotsa, n'kukaiika pansi pa mtsuko wa madzi, kenako n'kuibwezera padzuwa. Ine ndinali pakhonde ndi kompyuta pamiyendo. Atatero kangapo, anauza amayi mokweza, kuti nanenso ndimve:

"Mayi a ana, kutentha kumadetsa, koma kuzizira nako kuli ndi zake. Ukukumbukira m'Juni m'mawa, mmene manambala a foni amachitira ulesi posintha? Ndiye kuti m'katimu muli chinthu chimene chimalimba ngati uchi."

Ulesi umenewo ndi umene ndinatha miyezi yambiri ndikuuyeza ndi makina odula. Chimene chinkafunika n'kungotsika pakhondepo n'kunena kuti, "Mwalondola, bambo." Koma kutero kunali kuvomera kuti m'minibasi muja ndinalakwa. Ndinaweramira pakompyuta ngati sindinamve. Ndinadziuza kuti ndidzawafotokozera bwinobwino ndikadzamaliza sukulu.

Bambo anamwalira m'dzinja la chaka chotsatira, atangodwala masiku anayi. Pamaliro ndinafika mochedwa ndi tsiku limodzi.

Patapita masiku, tikusenda mtedza, amayi anandiuza kuti bambo ankakonda kunyadira kwa anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo akuphunzira za madzi amene si madzi. Anzawowo akafunsa zambiri, ankayankha kuti, "Akadzabwera adzatifotokozera tonse." Amayi ananena izi osandiyang'ana, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati bambo anawauza za m'minibasi.

Panopa ndimaphunzitsa, ndipo nkhani yomweyi ndimaifotokoza chaka ndi chaka kwa ana a eni. Buku la kafukufuku wanga ndinalipereka kwa amayi. Analikulunga m'pulasitiki kuopa chiswe, n'kuliika m'sutikesi. Ndi lachingerezi lonse, ndipo pakhomo paja palibe amene analiwerengapo.