Nkhunzi Yotchedwa Garikai

Mai Takawira anakhala mkazi wamasiye kwa zaka zingapo mwamuna wawo ali moyo, ndipo pa nkhani yonseyi palibe amene ananamiza mnzake. Ndikunena ine amene ndinakumba mandawo. Kwathu kuno ku Gutu banja lililonse lili ndi sahwira wake, munthu wapadera amene amasambitsa maliro, kutsikira m'manda ndi kuseka anamfedwa kuti asalire mopitirira. Wa banja limeneli ndine, choncho zonse ndinaziona ndi maso angawa, ngakhale kuti kuzimvetsa ndiye ayi.

Mai Takawira ndi mayi wamfupi, wosayankhulayankhula, wodziwika ndi chiponde chimene amapera pamwala n'kukagulitsa pokwerera basi. Anakwatiwa ndi Garikai akadali mtsikana, ndipo anabereka Takawira ndi ana aakazi awiri. Chaka china mvula itakana, Garikai anapita kokumba golide. Kumeneko anatema mnzake ndi chikwanje n'kumulanda zimene anakumba, munthuyo n'kufa. Mai Takawira sananenepo kuti mwamuna wawo anamunamizira. Ankangoti anachitadi zimenezo, komabe ndi bambo wa ana awo.

Mlandu unazengereza mpaka anthu kuiwala, kenaka woweruza ku Masvingo anagamula kuti Garikai anyongedwe. Patapita miyezi, mkulu wake, a Chenjerai, anapita kukamuona, ndipo anauzidwa kuti anamusamutsira ku Harare. M'basi pobwerera, bambo wina anawauza kuti ku Harare n'kumene kuli chingwe, ndipo boma likanyonga munthu silinena tsiku, mtembo limaika lokha. A Chenjerai anafika pamudzi atavula chipewa.

Tinakangana milungu ingapo. Ena ankati anamva pa wailesi kuti boma lilibe munthu wogwira ntchito yonyonga. A Chenjerai ankayankha kuti boma lopanda wonyonga silingauze munthu kuti anyongedwa, si lamisala. Inenso ndinaona kuti mfundo imeneyi ndi yomveka. Ku Harare n'kutali, ndipo palibe amene ankadziwa khomo loti n'kukagogodapo. Kalata sinabwere. Kenaka mwana wotsiriza anayamba kudwaladwala, ndipo sing'anga anati pali munthu wa pakhomo pano amene ali kunja, alibe pogona. Mpaka lero sindinganene kuti sing'angayo ananama.

Tinachita zimene timachita munthu akafera kosadziwika. Tinapha mbuzi, mutu wake tinaukulunga m'ovololo ya Garikai, ine n'kutsika nawo m'manda. Pa udindo wanga ndinauza anamfedwa kuti mnzangayo ndevu zimene zinkamukana ali moyo zamera tsopano, ndipo anthu anaseka misozi ili m'masaya. Mwana uja anachira.

Chaka chitatha tinafulula mowa wobweretsera mzimu wake pamudzi. Anasankha nkhunzi yakuda, a Chenjerai anaithira mowa pamsana uku akutchula dzina la m'bale wawo. Ng'ombe ikadzigwedeza ndiye kuti mzimu wavomera kukhalamo. Inadzigwedeza mpaka mowa unatiwaza tonse, amayi n'kuimba nthungululu. Tsiku lomwelo alamu a Mai Takawira anakhala pamzere, mayiwo atanyamula mbale ya madzi, kuti amene iwo amusambitse m'manja ndiye awalowe chokolo. Anawadutsa onse, a Chenjerai omwe amene anabwera atameta bwino, n'kukagwada pamaso pa mwana wawo Takawira. Tonse tinamva kuti mwamuna wina sakumufuna.

Kuyambira pamenepo nkhunzi ija inali Garikai. Sinkamangidwa pagoli, sinkamenyedwa, ana ankaipatsa moni. Tsiku lina inalowa m'dimba mwanga n'kuyamba kudya kabichi, ndipo ine, munthu wamkulu wa imvi zanga, ndinaima kumpanda n'kumaomba m'manja kuipempha kuti ituluke. Inatuluka itakhuta.

Mai Takawira anazolowera kupita kukhola m'mawa uliwonse ng'ombe zisanatuluke. Ankatsamira mtengo wa pakhomo la khola n'kumafotokoza zonse: kuti denga likudontha, kuti Takawira wayamba kununkha fodya, kuti mtedza wavuta. Mwana wamkazi wamkulu atapeza mwamuna, mayiwo anayamba kukauza nkhunziyo asanauze a Chenjerai. Inagwedeza makutu, iwo n'kunena kuti bambo avomera. Anandiuzapo kuti Garikai ali munthu sankamva zonena mkazi, ukayamba kuyankhula iye watenga kale chipewa, koma chimwalirireni wasanduka mwamuna womvetsera. Ankanena akumwetulira, ndipo ndinaona kuti mtima wawo unakhala pansi.

Ndiye chaka chatha, mvula ili pakati, panafika galimoto. Munatuluka mtsikana wa nsapato zosayenera matope, nati ndi loya, akufuna akazi a Garikai. Anati akufuna kudziwa kuti Garikai ndi munthu wotani pamudzi pano. Mai Takawira anayankha kuti ndi wofatsa, kupatula akaona kabichi. Mtsikanayo analemba pang'ono, kenaka anasiya, n'kufunsa kuti anamuona liti komaliza.

"M'mawa womwe uno," anatero Mai Takawira.

"Mayi, ine ndinali nawo Lachiwiri, kundende."

Anandiitanitsa kuti ndidzamve nawo. Mtsikanayo anafotokoza mofatsa, kawiri konse. Anati m'dziko muno munthu womaliza ananyongedwa mu 2005, Garikai asanagwire n'komwe chikwanje chija. Anati mu 2013 malamulo aakulu a dziko anachotsa akazi, anyamata ndi nkhalamba pa chilango chimenechi, koma amuna ena onse makhoti anapitiriza kuwagamula kuti afe, ngakhale kuti palibe amene ankawapha. Tsopano kumapeto kwa 2024 chilangocho chachotsedwa, ndipo aliyense amene ankadikira chingwe abwerera kukhoti kukapatsidwa chilango china. N'chifukwa chake iye akuyenda m'midzi kufunsa za anthuwa.

Mai Takawira anafunsa ngati ndiye kuti woweruza uja ananama. Mtsikanayo anati ayi, lamulo linkatero. Anafunsa ngati lamulolo linali lamoyo kapena lakufa pa nthawiyo. Mtsikanayo anati linalipo, koma silinkagwira ntchito. Mayiwo anandiyang'ana ine ngati kuti ndiwamasulire, koma inenso mutu unali utaima. Sanalire, sanaseke. Anangofunsa kuti, "Nanga amene anadzigwedeza uja ndani?"

Funso limenelo linasokoneza mudzi wonse. Abusa anati m'nkhunzimo munalibe aliyense, ng'ombe iliyonse ukaithira chozizira pamsana imadzigwedeza. Azakhali ena anati mwina ndi mzimu wa munthu wophedwa uja, wakhala ukudya msipu wathu n'kumamva zinsinsi zathu, ndipo atanena zimenezi ana anasiya kudutsa kukhola. Ena anati munthu amene boma lamuuza kuti wafa, mzimu wake umatsogola, thupi n'kutsala. A Chenjerai anadula nkhani. Anati munthu wamoyo sakhala ndi manda kapena nkhunzi, ndipo tikazisiya ndiye kuti ife tikumuitanira imfa imene boma lamuchotsera. Manda afukulidwe, nkhunzi iphedwe, zonse zichitike mlamu wawo asanapite kukamuona.

Mai Takawira anapempha kuti ayambe aonana kaye ndi Garikai. Anawakanira, ati sangakaime pamaso pa mwamuna wawo ali wamasiye. Mayiwo anakhala kukhola nthawi yaitali m'mawa wa tsiku lopha nkhunzilo, ndipo pobwera anandiuza kuti avomera, chifukwa ngati Garikai ali moyo ndiye kuti zonse zimene ankanena zija zinkamufika komweko, mwina m'maloto. Ankafuna ndiwavomereze. Ndinati n'kutheka.

Ndinafukula ndekha chigaza cha mbuzi chija n'kukachitaya kumtsinje. Nkhunzi inaphedwa, mudzi wonse unadya, kupatula Mai Takawira amene ananenetsa kuti nyama imeneyo sidzalowa m'kamwa mwawo. Anangotenga ya pantchafu, anaidula mizere, n'kuiyanika ndi mchere kuti akapatse mwiniwake.

Ku Harare ndinawaperekeza ine. Pachipata cha ndende msilikali anamasula kaphukusi ka nyama ija, nati aliyense wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha, ndi lamulo la aliyense. Ndinatambasula dzanja kuti ndilawe ine, koma anati alawe amene wabweretsa. Mai Takawira anayang'anitsitsa nyamayo mpaka anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Kenaka ananyema kachidutswa, anatafuna maso ali pansi, n'kumeza. Ndinamva chisoni kwambiri, ndipo nthabwala zonse za usahwira zinandithera.

Garikai anatulukira ali mdala wowonda, mano akutsogolo palibe, maso akuphethiraphethira. Anandizindikira ine msanga kuposa mkazi wake. Atapatsana moni, Mai Takawira anafunsa ngati anamva za ukwati wa mwana wawo. Anati ayi, wakwatiwa liti? Anafunsa za denga, za fodya wa Takawira, za chaka chimene mnyamatayo anathyoka mwendo. Zonse anali kuzimva koyamba. Anafunsa ngati sankalota kumudzi. Anati m'chipinda chimene ankakhala munthu sankagona tulo tolota, ankangomvetsera nsapato za asilikali kuti ziima pakhomo la yani.

Za maliro ake zokha ndi zimene ankadziwa. Mkaidi wina wa kwathu konkuno anamuuza chaka chomwecho.

"Ndiye osatumiza mawu, Baba a Takawira?"

"Ndinkati zikhala zoona mawa," anatero. "Kukuuzani kuti ndili moyo, sabata yamawa n'kundinyonga, mukanalira kawiri. Ndinati poti mbuzi yafa kale, zikhale choncho."

Anatsegula kaphukusi kaja n'kuyamba kudya ndi mano a m'mbali, mwachangu, dzanja lina litatchinga chakudyacho. Mai Takawira anayamba kumufotokozera za nkhunzi, kuyambira tsiku la mowa lija, koma ndinaona kuti mnzangayo maganizo ali pa nyama. Anawadula pakati n'kufunsa ngati ulendo wina angamubweretsere shuga ndi sopo. Nthawi itatha anaimirira msilikali asanamalize n'komwe kunena, ndipo sanacheuke.

Khoti linakhala patapita miyezi. Anamupatsa zaka zambiri, kuchotsapo zimene wakhala kale, ndipo loya uja anati zayenda bwino, ngati Mulungu alola adzatuluka ali ndi mphamvu zoyendera yekha. A Chenjerai anapha nkhuku. Kutchalitchi Mai Takawira anawachotsa m'gulu la amayi amasiye, kumene anali msungichuma, n'kuwabwezera kwa amayi apabanja, kumene sadziwa kuti azikamba chiyani. Anthu akawayamikira kuti mwamuna wawo wapulumuka, amavomera kuti inde, ndi chisomo, ndipo ndikhulupirira kuti amanena zoona.

Mwezi wathawu mwana wawo wamkazi anabereka mwana wamwamuna. Uthenga unafika m'mawa, ine ndikudutsa ndi khasu. Ndinawaona akutuluka m'nyumba chothamanga, chitenje chili m'manja, kulunjika kukhola. Atafika pa mtengo uja anaima. Munali ng'ombe ziwiri zolimira ndi kamwana ka ng'ombe kakakazi. Anatembenuka n'kundiona.

"Sahwira," anatero, "nkhani ngati imeneyi tsopano ndizikauza yani?"

Ndinati basi ya ku Harare imadutsa Lachisanu. Anagwedeza mutu, n'kutsegulira ng'ombe zija kuti zikadye.