Uthenga wa Kolera pa Foni ya Abambo

Chaka chimene kolera inavuta muno mu Harare, ndinkagwira ganyu pa kaofesi kena ku Sunningdale. Mkulu wa makompyuta kumeneko anali atapanga pulogalamu yotumiza mauthenga pa foni, ouza anthu kuti aziwiritsa madzi, komanso kothamangira akayamba kutsegula m'mimba. Inali m'Chingelezi ndi m'Chishona basi. Atamva kuti kwathu timayankhula Chichewa, anandikokera mpando.

"Sisi, ikanimo chanucho."

Chichewa changa chinali chosakanikirana ndi Chishona, ndiye ndinkafunsa abambo. Iwo anakalambira pa famu ya fodya, ndipo atathamangitsidwako anayamba kugulitsa tomato ku Mbare Musika. Tinakangana pa mawu oti "fufuta", amene ndinaika pa batani lochotsera uthenga.

"Kufufuta ndi kwa chikopa," anatero. "Lemba zoti chotsa."

Uthenga woyamba woyeserera ndinautumiza pa foni yawo. M'mawa mwake ndinawaperekeza kumsika nditasenza bokosi la tomato. Tisanayale n'komwe, anatulukira anyamata a chipani, aja ankasecha mafoni a anthu masiku amenewo. Wina wovala chipewa cha ubweya analanda foni ya abambo, n'kuyang'ana, n'kulephera kuwerenga.

"Izi n'chiyani, mudhara?" anafunsa m'Chishona. "Mabwidi mwayamba kutumizirana zachinsinsi?"

Mabwidi ndi dzina lotitukwanira ife ochokera ku Malawi.

"Ndi za madzi, mwanangu," anayankha abambo.

Anawamenya ndi paipi yachitsulo pakhutu. Ndinamva kuti phu! Abambo anagwera pabokosi, tomato n'kuphulika pansi pawo. Ena anayamba kuwaponda m'nthiti ndi majombo. Ndinakuwa kuti ndalemba ndine, andipatse ndiwerenge. Anandikankhira foniyo kumaso. Ndinawerenga, kwinaku ndikumasulira: wiritsani madzi, sambani m'manja. Ndisanamalize anandiwomba khofi, mlomo n'kung'ambika.

"Ukunama, hule iwe!"

Msika wonse unayang'ana kumbali. Amene anabwera ndi mayi wina wachisilamu wogulitsa anyezi. Anavula mpango wake, nagwada pakati pa miyendo ya anyamatawo, n'kumanga mutu wa abambo. Anyamatawo anatukwana, n'kuchoka ndi foni.

Tinawanyamula pa ngolo yokankha. Kuchipatala tinapeza odwala kolera atagona mpaka pakhonde, ndiye tinabwerera nawo kunyumba. Amayi anawatsuka bala ndi madzi amchere. Pamalaya sunkadziwa kuti apa ndi magazi, apa ndi tomato.

Kuofesi anandifunsa ngati tisiye Chichewacho. Ndinapempha kuti uthenga uliwonse uzipita ndi Chishona pamwamba, Chichewa pansi. Anachitadi zimenezo.

Abambo sanabwererenso kumsika. Malowo anatenga amayi. Khutu lakumanzere linagontheratu. Mpaka tsiku limene anamwalira, ndikafuna kuwauza kanthu ndinkazungulira mpando kaye n'kukhala kumanja kwawo.