Womaliza pa Mzere wa a Lumo

Naini koloko inali itadutsa kale, Loweruka m'mawa, ndipo tsitsi linali litayamba kuunjikana pa simenti ya bwalo la ndende. A Lumo ankameta ataima mumthunzi wa khoma. Mpando unali ndowa yovundikira. Makina anali atawalumikiza ku chingwe chachitali chotulukira pawindo la ofesi, ndipo akaidi anali atakhala pansi mumzere, malaya ali pamawondo.

Dzina lakuti a Lumo anawapatsa ndi akaidi omwewo. Kunja kuno ndi bambo wometa basi, a kashopu kali pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni, kokhala ndi benchi imodzi ndi galasi long'aluka pakona. Ndi munthu wamtali, msana wake unapindika pang'ono chifukwa choweramira mitu ya anthu kuyambira ali mnyamata. Si abusa ayi. Mpingo wathu utayamba kuyendera ndende, anzawo anasankha kulalikira ndi kuyimba, koma iwo anati pakamwa pawo m'polemera, chomwe ali nacho ndi manja. Atayamba kumeta anaona kuti munthu ukamugwira mutu amakuuza zimene sangauze mlaliki. Amameta uku akunena vesi chapansipansi, wometedwayo n'kumabwereza. Za mlandu wa munthu safunsa.

Pakupita kwa zaka panawagwera ntchito ina imene sanaipemphe. Kwa mkaidi kukagwa maliro, abale amapita kukashopu kuja kukawapempha kuti akanene ndi iwo. Njira yake anaikonza okha. Amayamba alowa mu ofesi kukadziwitsa mkulu wa ndende. Mwini uthengayo amamusunga mpaka pomalizira, anzake onse atachoka pamzere. Akamumeta amazimitsa makina, amapereka lumo kwa msilikali kuti pasakhale chakuthwa pafupi, kenako amakhala pansi pambali pake n'kumuuza. Kale ankati akanena mawu amenewo, chakudya sichinkalowa tsiku lonse. Koma chimwalirireni mayi akunyumba kwawo, mawuwo amangotuluka okha ngati madzi apampopi. Amapemphera, amati ameni, amapinda chingwe. Mumtima mumangokhala zii.

Akaidi njira imeneyi anaizindikira kalekale. Osesa pakhomo la ofesi akangoona a Lumo akulowamo, nkhani imakhala itazungulira bwalo lonse iwo asanatuluke. Tsiku lotero palibe amafuna kutsalira kumapeto.

Loweruka limenelo anali atalowa mu ofesi.

"Mdala, lero mundisiyireko kaphiri pakatipa, alamu anu akubwera mawa kudzandiona," anatero mkaidi wina wamano otalikirana amene anali pandowa.

"Alamu ake ati? Aja anakwatiwa ndi loya wako aja?" anamuyankha mnzake pamzere.

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Aliyense ankaba kuyang'ana kumbuyo kuti aone ngati kuli wina.

Uthenga unali wa mkaidi amene anzake ankamutcha Kalipentala. Munthu ameneyu a Lumo anamupeza asakudziwa ngakhale kulemba dzina lake, ndipo anamuphunzitsa kuwerenga Baibulo poyendetsa chala mzere ndi mzere. Tsopano ndiye ankatsogolera mapemphero m'chipinda chawo, ndiponso ndiye ankakonza mabenchi a m'chipinda chopemphereramo. Analowa m'ndende mkazi wake ali ndi mwana wamkazi kumsana. Mayiyo sanafune kuti mwana azolowere chipata cha ndende, choncho sankabwera naye. A Lumo ndi amene ankamuona kutchalitchi Lamlungu lililonse, ndipo ankamuimika pambali pawo mongocheza kuti amuyeze. Loweruka Kalipentala akakhala pandowa ankafunsa kuti, "Wafika pati?" Iwo ankaika dzanja pathupi pawo. Linayambira pabondo, linafika pathumba la thalauza, linadutsa lamba. Mlungu umenewo mwanayo anatentha thupi, anamutengera kuchipatala mochedwa, ndipo pofika Loweruka anali ataikidwa kale.

Kalipentala anali pakati pa mzere. Nthawi yake itakwana, a Lumo anayenera kungonena kuti adikire kaye, awathandize kupinda chingwe pomaliza. Mawuwo anali pakamwa. Anangoona dzanja lawo likukutumula ndowa, ndipo Kalipentala anakhala.

"Abusa, wafika pati?" Iye yekha ndi amene sanasiye kuwatchula choncho.

"Khalani bwino, achimwene, ndingakudyeni khutu."

Anayatsa makina. Anameta mutu wonse osanena kanthu, akuyang'ana kachipsera kali kuseri kwa khutu ngati akukaona koyamba. Sankaganiza chilichonse. Atamaliza, Kalipentala anaimirira, anasasa tsitsi pamapewa, n'kukakhala kukhoma pamodzi ndi anzake amene anali atapulumuka.

Womaliza anali Dalaivala, munthu woti sanakhalitse m'ndendemo. Anali atatumidwa kukatunga madzi, ndiye anafika mzere utatha. Anayang'ana kumbuyo kwake, kunalibe munthu. Kwawo anasiya mayi ake akudwala. Anakhala pandowa khosi lili gwa, thukuta likutsika m'mbali mwa makutu. A Lumo anamumeta, anazimitsa makina, anapereka lumo kwa msilikali monga amachitira ntchito ikatha tsiku lililonse. Potembenuka anapeza Dalaivala atatsika yekha pandowa, wakhala pasimenti, manja ali pamutu.

"Nenani, bambo. Ndi amayi eti? Anapita liti?"

"Iyayi, mwanawe. Za kwanu sindinamve chilichonse."

"Musandinamize. Mu ofesi munalowa, anthu anakuonani."

"Ndinalowa. Koma si iwe."

Ananena mokweza, kuti amukhazike mtima pansi. Bwalo lonse linamva. Amene ankasewera makadi anawaika pansi. Wamano otalikirana uja anaimirira, kenako wina, kenako ena, mitu yonse yometa bwino ikuwala padzuwa. Panalibe amene analibe wodwala, kapena nkhalamba, kapena mwana kunja. A Lumo anawayang'ana onse ndipo anaona kuti pothawa kuuza munthu mmodzi, maliro aja awapereka kwa bwalo lonse.

Msilikali anayandikira n'kunena chapansipansi. "Mdala, mukawasiya chonchi anthuwa, ife lero tivutika nawo. Tchulani mwini wake."

A Lumo anatsegula pakamwa, koma mawu aja amene ankatuluka okha sanabwere.

Kalipentala anachoka kukhoma. Anayenda osafulumira, anadutsa Dalaivala, n'kukhala pandowa.

"Ndimeteninso, abusa."

"Tsitsi latha, achimwene."

"Ndiye khalani pansi. Lero simunandipatse vesi. Chiyambireni simunayambe mwaiwalapo."

A Lumo anakhala pasimenti, patsitsi pomwepo. Akaidi aja anabwerera m'mbuyo, ena anapita kukamudzutsa Dalaivala.

"Mwana wanu watisiya. Anatentha thupi. Tinamuika kale."

Kalipentala sanalire. Anatola katsitsi pansi n'kumakapotokola ndi zala.

"Anafika pati?"

A Lumo anadzuka, anaika dzanja pansi pa nthiti zawo. Kalipentala anayang'ana kuyambira padzanjapo kutsika mpaka kunsapato, ndi diso lomwe amayezera thabwa.

"Ndiye anali atatalika. Bokosi anakhoma ndani?"

"Sindikudziwa."

"Matabwa ake anali ouma? Pali ena amakhoma aawisi, akangogona usiku umodzi n'kupindika. Chivindikiro chinakhala bwino, kapena chinasiya mpata?"

"Sindikudziwa, achimwene."

"Simunaliko?"

"Ndinaliko. Ndinaima kutsogolo kwenikweni. Kumanda ndinapemphera ndine."

"Ndiye simunaone bwanji?"

"Maso anali pomwepo. Sindinaone."

Kalipentala anagwedeza mutu, osati mokwiya. Anataya katsitsi kaja. "Mukandifunsireko," anatero. "Ine ndikanakhalapo ndikanamupalira bwinobwino, m'kati momwe, kuti pasakhale chomukanda." Kenako anagwira dzanja la a Lumo n'kuyamba kupemphera yekha, pemphero lomwe iwo anamuphunzitsa, liwu lake lili chimodzimodzi ngati akuwerenga. A Lumo anati ameni. Belu la chakudya litalira, Kalipentala anawapindira chingwe, anachiika m'chikwama chawo, n'kukalowa pamzere ndi mbale yake.

Zonsezi a Lumo anandiuza Lolemba lake, nditapita ndi mwana wanga kukametetsa. Ankalankhula akumeta, osakweza mawu, osatsitsa, ngati akunena za mvula ya dzulo. Ndinawafunsa ngati mtima ukuwapweteka. Anati ayi, ndipo chimenecho ndi chomwe amapempherera masiku ano, kuti uziwapwetekako ngakhale pang'ono. Anati ganizo losiya kupita kundende linawabwerera ali m'njira Loweruka lija, koma sangasiye munthu atawatuma.

Anamutsitsa mwana pampando, anamupukuta m'khosi, n'kundiyang'ana kudzera pagalasi.

"Mayi, paja inu munali m'gulu la amayi amene anayala nsalu m'bokosi la mwana wa Kalipentala muja?"

Ndinavomera.

"Ndiye munaligwira ndi manja. Tsiku loona akaidi likafika, mwanayu mumusiye kwa apongozi anu, tipitire limodzi. Mukamuuze nokha mmene linalili, matabwa ake, misomali, chivindikiro, zonse. Ngati linali lokhoma mwachisawawa, mukanene choncho. Musakamukometsere ayi, ndi kalipentala, akudziwani."