Nkhosa ya ku Labu

Linali Lachitatu la mu Okutobala, ndili Sitandade 7, ndipo ndinkachotsa nkhupakupa m'makutu mwa nkhosa ya kuntchito kwa adada. Adada ankasesa ndi kutsuka mabotolo pa labu yaing'ono yofufuzira matenda kufupi ndi Chilumba, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukaidyetsa madeya. Inali yonenepa kuposa aliyense wa m'kalasi mwathu, ndipo inkandidziwa ndi mapazi.

Ntchito yake inali kupereka magazi basi. Bambo oyeza, ochokera ku Zomba, ankaitenga magazi pakhosi, n'kuwasakaniza ndi timaselo ta mbewa zoyera pa kambale kagalasi. Pamene panali selo lopanga chitetezo cha m'thupi, magazi ankasungunuka n'kusiya kadontho koyera. Iwo ankawerenga timadonthoto. Ine ndinkasuzumira pazenera, osafunsa kanthu.

Tsikulo kunabwera atcheya a chipani, akusonkhetsa mphatso za mtsogoleri wa dziko amene ankayembekezeka kumpoto. Nkhuku ndi mpunga anali atatolera kale m'midzi. Anaipapasa nkhosa pamsana ngati ali pamsika wa Uliwa.

"Iyi yadya za boma mokwanira," anatero. "Ikathokoze."

Bambo a ku Zomba, amene ankakalipira adada akangogunda tebulo, anayamba kusisita manja. "Bwana, popanda iyoyi ntchito iima." Anathamangira m'kati n'kubwera ndi kambale kaja.

Atcheya anakayang'ana padzuwa, atatsinzina diso limodzi. "Ndiye mukuti timadontho iti n'tofunika kuposa mwini dziko?"

"Ayi, bwana. Ndimangofunsa ngati mwabwera ndi chingwe chanu kapena tikupatseni chathu."

Anagwirizana kuti lole ibwera Lachisanu. Nthawi yonseyi adada ankasesa malo amodzimodzi, mpaka anakumba kadzenje. Ine ndinali nditagwira khutu la nkhosa, ndipo palibe amene anandiona. Anthu kawirikawiri sankandiona.

Tikubwerera kunyumba ndinafunsa adada ngati mtsogoleri amadya yekha nyama zonsezo. Anayang'ana kumbuyo kaye, kenako anati ndiziyenda msanga.

Ndinaganiza njira yonse. Atcheya sakanayerekeza kupereka nyama ya nkhanambo pamaso pa gulu, poti masiku amenewo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezo. Ndiye ndinalemba m'kabuku kanga, ndi zilembo zazing'ono, kuti mawa ndilawirira ndisanapite kusukulu, nditenga sizasi ya amama ndi kabotolo ka jivi amene ankatipaka pa zipere, ndikaimeta zigambazigamba n'kuipaka mpaka ine ndemwe ndiziiopa.