Chigwa chimene ndinachipaka chikasu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhoma la sitolo ina pafupi ndi depoti ya Salima. Panamatidwa pepala lofuna achinyamata othandiza kujambula mapu a malo m'midzi ya ku Khombedza, komanso kuphunzitsa anthu kuti nthaka yolima isamangogawidwa mapuloti. Ine wokulira m'tauni, khasu ndinkalidziwira pa chibalo cha kusukulu basi, koma satifiketi ndinali nayo, pakamwanso panali pothwa. Ananditenga.

Bwana wanga anali Mayi Nkhoma, munthu wansangala koma wodana ndi zachidule. Anandipatsa jipiyesi, kamakina kosonyeza pamene waima pamapu, tepi yoyezera, chitsulo chobowolera nthaka ndi timatumba toikamo dothi. Lamulo lawo linali loti paliponse ndibowole, ndinyowetse dothilo, kenaka ndilipote m'manja. Likapoteka ngati chingwe ndiye kuti limasunga madzi, likanyenyeka ndi mchenga. Pamapu, malo olima tinkapaka zobiriwira, omangapo nyumba tinkapaka chikasu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kumunsi kwa mudzi wina ndinapeza chigwa chakuda bii, cha ming'alu yoti phazi n'kulowa. Panalibe mzere, panalibe phesi, ng'ombe zokha zikununkhiza fumbi. Chitsulo chija chinakana kulowa. Ndinayesa kawiri, thukuta lili kamukamu, ndiye ndinati ndivutikirenji, apa mpouma ngati konkire. Ndinalemba kuti ndi malo ongokhala, ndipo nditafika kuofesi ndinapaka chikasu.

Mapuwo tinakawaonetsa kumudzi kuja Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti. Mudzi ukanangovomereza, mapu akanapita kuboma ndipo chigwa chija chikanagawidwa mapuloti. Ofuna kugula anali atafika kale panjinga zamoto. Ine ndinaima kutsogolo n'kuyamba kulalikira za kufunika kwa nthaka, inetu amene ndinalephera kuibowola.

Mayi wina wamasiye, Abiti Saidi, anadzuka n'kufika pamapu paja.

"Mwanangu, pachikasu apa ndi pati?"

"Ndi kuchigwa kuja, amayi. Malo ongokhala."

"Ongokhala? Mwabwera mwezi uno, mwaona ming'alu. Mudzabwere Febuluwale tione ngati mudzadutse osapinda thalauza. Mpunga umene ndikulerera ana a malemu mwana wanga umachokera pamenepo. Ziputu zinadyedwa ndi ng'ombe, zotsala tinatentha. Ndiye mwati ndikalime kuti, papepala lanulo?"

Ena anaseka, ena anayamba kung'ung'udza. Mmodzi wa ogula aja anakuwa kuti, "Mapu ajambulidwa ndi ophunzira awa, tisachedwe!" Manyazi anandigwira koopsa, chifukwa wophunzirayo ndinali ine. Mayi Nkhoma anandiyandikira n'kufunsa chapansipansi, "Achimwene, munabowola?"

Bodza linafika pakhosi, koma ndinalimeza. "Ayi, chitsulo chinakana."

"Ndiye tiyeni tonse tikaone."

Gulu lonse linatsetserekera kuchigwa. Abiti Saidi anathira ndowa ya madzi pamng'alu, tinadikira kuti alowe, kenaka ndinakumba ndi khasu lobwereka mpaka m'manja munatuluka matuza. Pansi pa chigamba chouma chija dothi linali lozizira, lodzaza mizu ya mpunga ndi tizigoba ta nkhono. Nditalipota linatuluka chingwe chachitali osaduka.

"Awa ndi makande," anatero Mayi Nkhoma mokweza kuti aliyense amve. "Nyumba ikamangidwa apa ing'aluka, koma mpunga ndiye kwawo. Mapuloti apite kumtunda kwa mchenga kuja."

Ogula aja analiza njinga zawo osatsanzika. Chikasu chija ndinachifufuta pomwepo, mapu ali pabondo, anthu akuonerera. Abiti Saidi anangoti, "Alhamdulillah," natola ndowa yawo. Sanandinyoze, ndipo Mayi Nkhoma sanandichotse ntchito ngakhale chifukwa anali nacho. Amayi awiriwa ndimawathokoza mpaka lero, pakuti ndikanalanda agogo ndi adzukulu awo chakudya chifukwa cha ulesi wa tsiku limodzi.

Kuchokera pamenepo sindipaka mtundu pamalo amene sindinakumbe, ndipo jipiyesi imakhala m'thumba mpaka nditafunsa eni malo kuti, "Kuno mvula ikagwa kumakhala chiyani?" Febuluwale wotsatira ndinapitadi kuchigwa kuja. Abiti Saidi anali m'kati mwa mpunga wobiriwira, akundikodola kuti ndilowe. Thalauza ndinapinda mpaka m'mawondo, koma inanyowabe.