Kabokosi ka Magetsi ndi Mbande za NyaGondwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamaliro. Malume anga anakhala benchi imodzi ndi a Msiska, mlembi wa gulu la alimi a mpunga wothirira cha ku Uraha, ndipo anawauza kuti ali ndi mphwake wodziwa makompyuta amene akungokonza mafoni pa Chilumba. Sabata yotsatira ndinali muofesi.

Ntchito yake inali yooneka yopepuka. Madzi a m'ngalande amapita mosinthana, ndipo mlimi akapanda kubwera kudzatsegula chipata cha munda wake, madziwo amapitirira kwa mnzake. Ndinalemba sikiripiti, kapulogalamu ka pakompyuta, m'chinenero cha Python, yowerenga amene ali pamzere tsikulo n'kuwatumizira uthenga pafoni m'mamawa. Pa kompyuta yakale ya Linux ndinaiika mu cron, pulogalamu yoyambitsa zinthu nthawi yake ikakwana, mzere umodzi basi, ndipo inkadzuka yokha osandivutitsa.

Kompyutayo itapsa ndi mphezi, gulu linagula laputopu ya Windows. Kumeneko kulibe cron, kuli mnzake wotchedwa Task Scheduler. Ndinalozera pomwe pali Python, ndinatchula foda yoyambira, ndinasankha kuti sikiripitiyo izigwira ngakhale munthu asanalowe m'kompyutamo. Nditayesa, uthenga unapita. A Msiska anasangalala kwambiri. "Iyi ili ndi batire, mwana wanga. Magetsi azizima mmene angafunire."

Kenaka masiku ena uthenga unayamba kusapita. Sikiripiti inalibe vuto, netiweki inalipo. Ndikaiyendetsa ndi manja, inkagwira bwinobwino ngati mwana wamwano pamaso pa alendo. Ndinkapsa mtima chifukwa ndinalibe chokonza.

Tsiku lina kutentha kwa Okutobala kuli pachimake, mayi wina wamasiye, NyaGondwe, analowa muofesi atanyamula mbande za mpunga m'chitenje. Anaziika patebulo panga, pafupi ndi laputopu. Zinali zitauma ngati udzu wofolera.

"Maji ghane ghali nkhu? Madzi anga ali kuti, dada?" anafunsa mosakweza mawu. "Munati tisamayende ulendo wautali kudzafunsa, foni izitiuza. Ine ndadikira foni."

Tsiku lake linali litadutsa iye osadziwa. Manyazi anandigwira.

Atatuluka, magetsi anazima, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina vuto lili pamenepo. Ndinaika sikiripiti ija kuti iyambe pakapita mphindi zochepa, ndinakhala n'kumayang'ana. Nthawi inakwana, palibe chinachitika. Apa m'pamene ndinatsegula tsamba la Conditions mu Task Scheduler, limene ndinali ndisanalitsegulepo. Munali kabokosi kochongedwa kale kuchokera kwa opanga, konena kuti ntchito iyambe pokhapokha kompyuta ikulandira magetsi a pakhoma. Batire limene tinkalinyadira lija ndi limene linkaigoneka sikiripiti. Opangawo anaikamo lamulolo kuti batire lisathe msanga, poganizira anthu a kumene magetsi sazimazima. Cron sanandifunsepo za magetsi, ndiye sindinaganize kuti mnzakeyu angafunse.

Ndinachotsa chizindikiro cha m'kabokosimo, ndinawonjezeranso kuti ntchito ikaphonya nthawi iyambe ikangopeza mpata. Zinanditengera nthawi yochepa kuposa kumwa tiyi.

Alimi anzake anamugawira NyaGondwe mbande, koma anawokera mochedwa ndipo anakolola pang'ono chaka chimenecho. Lero ndimaika masikiripiti pa makina osiyanasiyana, ndipo ndisananene kuti ntchito yatha ndimazula pulagi pakhoma n'kudikira ndione.

Uthenga sunaphonyenso mpaka ndinachoka. Koma NyaGondwe ankabwerabe wapansi sabata iliyonse, foni ili m'manja, kudzafunsa a Msiska tsiku lake la madzi.