Ndinanama Kuti Anavina

Lachinayi madzulo. Ndimachapa yunifolomu pamene ba Mwiya, alongo anga aakulu, anandifunsa: "Iwe, anzako anaimvera nyimbo yanga?"

Anatenga kanyimbo ka gemu ina yakale, kongolira tii-tii-tii, n'kuikamo ng'oma zovinira. Anavutika nayo milungu iwiri, kenako anandiikira mufoni kuti anzanga a kusukulu ya Linda akamve.

"Anavina maningi," ndinatero, maso ali m'beseni.

Linali bodza. Ndinaopa kusekedwa, ndipo foni sinatuluke m'thumba. Amene anavina ndine ndekha, kuseri kwa chitseko.

Ba Mwiya anasangalala mpaka anandichapira masokosi! Akuti Loweruka akafunsa okha mnzanga Mutinta kuti nyimboyo inamukomera pati.

Mawa ndikamulizira Mutinta nyimboyo. Akayamba kuseka, ndiyamba ine kuvina.